Kamera sinakuonetseni, nanga maso anu anali kuti?

Lero ndapsa mtima ndipo sindibisa. Pamsika pano pa Ulónguè, bambo wina wa Hilux yoyera waponda beseni la tomato la mayi wogulitsa m'mbali mwa msewu. Beseni lang'aluka pakati, tomato waphwanyika yense, ndipo tayala laima pafupi penipeni ndi phazi la kamwana ka mayiwo kamene kanakhala pachiguduli kakudya chinangwa. Anthu takuwa, ena amenya galimoto ndi manja. Mwini wake watsitsa galasi pang'ono chabe, mphepo yozizira ikutuluka mkatimo, n'kunena kuti, "Pepani mayi, kamera sinandionetse."

Kamera sinandionetse! Akunena kamera yoika pagalimoto, yoonetsa za kutsogolo pasikirini ya mkati. Munthu wamkulu, wa imvi m'ndevu, kuyankhula zimenezo pagulu osachita manyazi. Mayi aja angoti, "Bambo, mukanaponda mwanayu mukanatinso kamera?" Iye osayankha. Watulutsa 200 meticais pawindo, osatsika n'komwe, ulendo.

Ndiye ine ndikufunsa, maso anu anali kuti, bambo? Munawasiya kunyumba? Pamene munkayesedwa kuti mupatsidwe chiphaso choyendetsera galimoto, anayesa maso anu kapena anayesa kamera? Galimoto ndi yanu, phazi limene linali pa mabuleki ndi lanu, khosi lotembenuka muli nalo, koma mlandu mukukankhira kakanthu ka pulasitiki kamene munamangirira pamphuno pa galimoto.

Musandimve molakwa, kamera yokha ilibe tchimo. Ku America galimoto iliyonse yatsopano, kupatula zikuluzikulu zolemera kwambiri, kuyambira mu May 2018 imayenera kukhala ndi kamera yakumbuyo, chifukwa ana ankapondedwa makolo awo akubweza galimoto pakhomo. Hilux, Prado, Land Cruiser, zonsezi n'zazitali mphuno, kamwana kakaima pafupi ndi bampala simukaona muli pampando. Ndiye wofuna kuika kamera yakutsogolo aike, ndalama ndi zake. Chimene chandinyansa n'choti anthu mukaika kamerayo mumazimitsa mutu. Mumaweramira pasikirini, msika wonse uli kunja kwa galasi ukuyenda.

Kodi amene anakuikirani anakuuzani kuti kamerayo imanama mtunda? Diso lake analipanga kuti lione malo aakulu nthawi imodzi, ndiye zinthu zimaoneka zazing'ono, zakutali, zopindika m'mbali. Chimene pasikirini chikuoneka ngati chili uko, chili pansi pa bampala kale. Timizere tobiriwira, tachikasu ndi tofiira timene mumatikhulupirira tija, pa makamera otchipa n'tongojambulidwa, sitidziwa kuti galimoto yanu ndi yaikulu bwanji, sititembenuka mukapotoza chiwongolero. Ndipo kamera ili pakati pamphuno, koma chimene chimaponda ndi tayala, pangodya. Mukamakhota, ngodya imeneyo imadutsa pamene kamera sikuyang'ana. Beseni la lero linali pamenepo, pangodya yakumanzere, mbali imene woyendetsa amakhala nayo kutali poti ife chiwongolero chili kumanja.

A ku Japan ankadziwa zimenezi. N'chifukwa chake ma Prado ndi ma Hilux Surf ambiri ochokera kumeneko amabwera ndi kagalasi kakang'ono pamphuno chakumanzere, koonetsa pansi pafupi ndi tayala. Inu mumakazula kuti kakuipitsa galimoto, n'kupita kukagula kamera. Kagalasi kosafuna batire, kosafuna waya, mwakataya. Nzeru zimenezo?

Tsono tinene za fumbi. Kuno si ku Tokyo. Yendani kuchoka ku Ulónguè kupita ku Dómuè kapena ku Tsangano mwezi wa September, mukafika kamera yavala fumbi lofiira, pasikirini pakungooneka chifunga. Nthawi ya mvula ndiye matope okhaokha. Ndani mwa inu amatsika kukapukuta? Palibe. Tsikirani ku Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu October ndi November, dzuwa likamenya pasikirini masana simuona kanthu, mumangoona nkhope yanu yomwe. Koma mumayendabe, mukuti kamera ilipo. Ilipo inde, koma ndi yakhungu, ndipo mwini wake wasankha kukhala wakhungu mnzake.

Masensa aja olira tii tii tii ndiye musandiyambitse. Amatulutsa phokoso limene khutu la munthu silimva, likagunda chinthu n'kubwerera ndiye amalira. Khoma amaliona bwino. Koma ngalande saiona, poti dzenje silibweza kanthu. Chitsa chachifupi, kamtengo kowonda, beseni lili pansi, mwana wokhala pachiguduli, zonsezi akhoza kuzidumpha osalira. Akamatidwa matope amalira popanda chifukwa. Ndipo mumsika mmene muli njinga, mbuzi, ngolo ndi anthu mbali zonse, amalira osalekeza mpaka mwini wake amatopa n'kuwazimitsa. Ndiye pamalo penipeni pamene akufunika, ali chete. Mwawononga ndalama kugula chinthu choti muzichizimitsa.

Akuluakulu anati pawiripawiri sipauzirika. Simungayang'ane sikirini ndi msewu nthawi imodzi. Diso likatsikira pansi, kunja kwasintha kale: mwana wathamangira mpira, wa njinga yamoto walowa, gogo wawerama kutola ndalama yake. Msika suima kudikira kuti inu mumalize kuonera kanema wanu.

Inde, ogulitsa afika mpaka pa phula, malo oimikapo magalimoto ndi ochepa, zonsezo tikudziwa. Koma zimenezo simunazione lero, munazipeza pomwe munkalowa ndi galimoto lanulo.

Taonani anzanu a mathiraki pamsewu wa N7, ochoka ku Moatize kupita ku Zóbue. Galimoto yaitali chotero, yolemera chotero, koma pobweza ajudante, wothandiza dalaivala, amatsika, amaima poonekera, amakweza dzanja, dalaivala akumvera. Cobrador wa chapa, kondakitala wa minibasi, naye amatsika n'kumenya chitseko, bwera bwera, basi! Anthu amenewa sanaike kamera koma amalowetsa galimoto pamalo pothina popanda kukhudza dengu la munthu. Inu a Hilux chimakuvutani n'chiyani? Kutsika kumachotsa ubwana? Kutsitsa galasi n'kufunsa mnyamata waima apoyo kuti, "Achimwene, tandionereni kutsogoloko," kumatha mafuta angati? Mukuopa kuti fumbi lilowa, nsapato zida. Nsapato zanu n'zofunika kuposa phazi la mwana wa mnzanu?

Tsikani muone. Tembenuzani khosi. Imbani hutala pang'ono, dikirani, kenaka muyende. Kamera ikhale yongothandizira, maso akhale patsogolo. Ngati simungathe kulowetsa galimoto mumsika popanda sikirini, isiyeni kutali muyende wapansi ngati ife tonse, miyendo muli nayo.

Ndipo inu oika makameranu sindikusiyani. Masiku ano aliyense wokhala ndi pulayala ndi tepi yakuda wasanduka katswiri wa magetsi a galimoto. Mumatenga kamera yopangidwira kumbuyo n'kuiika kutsogolo, osadziwa kuti yakumbuyo imatembenuza chithunzi monga galasi loyang'anira. Zotsatira zake, chimene chili kumanzere chikuoneka kumanja. Munthu akuthawa mwala pasikirini, kunjaku akulunjika pamwala pomwepo. Makamera ambiri otere amakhala ndi kawaya kopinda koti mudule kapena posinthira kuti chithunzi chiwongoke, koma inu pepala la malangizo mumataya limodzi ndi katoni. Yakumbuyo imayaka yokha mukaika giya ya rivesi chifukwa imatenga moto ku nyale ya rivesi. Yakutsogolo ilibe nyale yoidzutsa, imafuna switchi yakeyake, kapena ilumikizidwe kumene moto umabwera kiyi akatembenuzidwa. Inu mumangosenda waya aliyense amene mwamupeza ali ndi moto, osaika fyuzi, kupotokola ndi zala, kukulunga tepi, basi ndalama m'thumba. Kamera imakhala ikudya batire usiku wonse, m'mawa kuzizira kwa ku Angónia kuno galimoto yakana kulira, ana a sukulu akukankha. Tsiku lina tepiyo idzamatuka ndi kutentha, mawaya adzakhudzana pansi pa dashibodi, ndiye mudzati galimoto yalodzedwa. Wailesi ya galimoto imene mukulumikizako kamerayo ili m'Chijapani, simukuwerenga ngakhale chilembo chimodzi, mukungodinadina mabatani mwini galimoto akuyang'ana, n'kumuuza kuti zatheka bwana.

Anthu omwewanso ndi amene akumangirira nyale zoyera zija, mzere wonse pamwamba pa bampala. Usiku pamsewu wochoka ku Mussacama kupita ku Calómuè munthu sungaone kanthu, akukuthira kuwala m'maso kuchokera kutali, ukamuphethirira kuti atsitse iye ndiye amawonjezera zina. Wa njinga wanyamula thumba la mbatatesi alowere kuti, m'ngalande? Mwagula nyale zoti muone inu nokha, ena tonse tiyende ndi chikhulupiriro. Ndipo mukafika pa polisi mumazimitsa msangamsanga, kusonyeza kuti mukudziwa bwino lomwe zimene mukuchita.