Fumbi la ku Arizona si fumbi la kwathu

Kwathu fumbi timangolitenga ngati litsiro. Lole ikadutsa pamsewu wadothi mu Okutobala timangotembenuka, kuphimba mphuno ndi chitenje, basi ulendo ukupitirira. Nanenso ndinafika kuno ku Arizona, m'dziko la America, ndi mtima womwewo. Tsiku loyamba kuona chimphepo chafumbi chimene amati haboob chikubwera ngati chikhoma chofiirira kudzakwirira mzinda wa Phoenix, ndinathamangira panja ndi foni kuti ndijambule, akumudzi aoneko. Mayi wina woyandikana naye nyumba anandikalipira ngati mwana kuti ndilowe n'kutseka mawindo. Mumtima ndinangoti anthu akuno ndi amantha.

M'dothi la kuno muli kachuku kotchedwa Coccidioides. Mvula ikagwa kamayala timaulusi pansi panthaka. Kukauma gwa, timaulusito timaduka tizidutswa tosaoneka ndi maso, ndiye mphepo, fosholo kapena thirakitala ikangotakasa dothi, timauluka. Ukapuma, talowa m'mapapo. Matendawa amati Valley fever, dzina lochokera ku chigwa cha San Joaquin ku California. Sapatsirana ayi, ndipo anthu pafupifupi 6 mwa 10 amene apuma tizinthuti sadwala n'komwe. Koma enawo, pakatha sabata imodzi mpaka zitatu, kumakhala kutsokomola, kutentha thupi, thukuta la usiku, kufooka. Mmalawi akamva zimenezi sachedwa kunena kuti ndi TB.

Ndi mmene tinaganizira alamu anga atayamba kudwala. Amagwira ntchito yokumba ngalande za mapaipi pamalo omangapo nyumba zatsopano. Madzulo akavula nsapato pakhomo, pamatsala kamulu ka dothi loyera ngati ufa woyera. Anapatsidwa mankhwala a chibayo kawiri, osasintha. Anayezedwa TB, palibe. Patatha miyezi iwiri, lamba atamuboola kale bowo lina, m'pamene dokotala wina anafunsa funso limene likanafunsidwa tsiku loyamba: "Mumagwira ntchito yanji?" Anayeza magazi, n'kupeza kuti ndi Valley fever. Mankhwala ake ndi fluconazole, yemwe uja timamudziwa kwathu pa matenda oumitsa khosi amene amagwira anthu omwe chitetezo chawo chatsika.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zonsezi si zachilendo. Matendawa anawalemba koyamba ndi Alejandro Posadas ku Argentina mu 1892, akadali pasukulu ya udokotala. Mu Disembala 1977 ku California, chimphepo chinanyamula fumbi ku Kern County n'kukalitula ku Sacramento, mtunda wa makilomita mazana angapo, anthu n'kudwala kumeneko. Mu 1994 chivomerezi cha ku Northridge, ku California komweko, chinagumula mapiri, fumbi n'kutsikira ku Simi Valley, ndipo anthu oposa 200 anadwala. Mu 2019 mokha bungwe loona za matenda ku America la CDC linalandira malipoti a odwala pafupifupi 20,000, ochuluka a ku Arizona ndi California. Ndiye bwana wa kampani yokumba sanganene kuti sankadziwa.

Maganizo anga ndi awa: matendawa asamangotchedwa tsoka la chilengedwe. Inde, kachukuko palibe anakadzala. Koma amene amapuma fumbi lochuluka si amene amakhala mu ofesi yozizira bwino. Ndi wokumba maziko, wolima m'minda ikuluikulu, woika masola m'chipululu, mkaidi. Kuthira madzi pansi asanakumbe n'kotheka, galimoto zamadzi zilipo. Kugula maski osefa fumbi a N95 n'kotheka. Kuimitsa ntchito mphepo ikakula n'kothekanso, kungoti kumadya phindu. Kumene alamu ankagwira, galimoto yamadzi inkaoneka tsiku limene kukubwera oyendera. Masiku ena onse, aliyense ndi kansalu kake kumphuno.

Ndipo ife akhungu lakuda nkhaniyi tiimvetsetse. Mwa odwala ochepa, kachukuka kamachoka m'mapapo n'kufalikira pakhungu, m'mafupa, ngakhale ku ubongo, ndipo kakafika ku ubongo mankhwala ake ndi a moyo wonse. Madokotala anaona kalekale kuti zimenezi zimachitika kwambiri kwa anthu ochokera ku mtundu wa mu Africa ndi a ku Philippines, komanso amayi oyembekezera ndi amene chitetezo chawo n'chochepa. Mu 2013 khoti linalamula boma la California kuti lisamutse akaidi amene ali pachiopsezo, kuphatikizapo akuda, m'ndende za Avenal ndi Pleasant Valley. Ngati khoti linaona kuti mkaidi asakhale pafumbi limenelo, nanga waganyu amene akulikumba ndi manja?

Agalu nawonso amadwala, poti mphuno yawo imakhalira pansi. Akuno amathamangira nawo kwa dokotala wa ziweto msanga kuposa mmene alamu anathandizidwira, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Alamu anachira, koma mpaka lero akakwera masitepe amaima pakati kuti apume. Akukonza zopita kumudzi pa Khirisimasi, ndipo achemwali awalembera dzina la matendawa pakapepala n'kukaika mu pasipoti. Kachuku kameneka n'ka kumayiko a ku America kuno, ndiye akakayambanso kutsokomola ali ku Dedza, wachipatala adzayamba waganiza za TB ngati mmene tinachitira ife.