Mayiwa musawaseke, ntchito anaigwira

Dzulo usiku kutentha kwa kuno ku Mangochi kutandikaniza tulo, mphwanga anandiponyera filimu ina mu foni n'kunena kuti, "Achimwene, onerani iyi, museka mpaka nthiti kuwawa." Dzina lake Trog, ya mu 1970, yojambulidwa ku England. Ndinaionera pakhonde mpaka kumapeto, udzudzu ukulira m'makutu, koma kuseka kunandikanika.

Kuipa kokha njoipadi, sindibisa. Chimunthu chakalekale chapezeka m'phanga, ndiye dokotala wina wamkazi akufuna kuchiweta kuti achiphunzitse umunthu. Chimunthucho mutu ndi wa nyani koma mikono ndi miyendo ndi ya bambo wamba, moti ngakhale mwana wa Sitandade 2 akhoza kuloza pamene chigoba chathera. Chigobacho n'chotsalira ku filimu ina, 2001: A Space Odyssey. Kaunjika weniweni.

Koma dokotalayo ndi Joan Crawford. Achinyamata ambiri dzinali simulidziwa. Mayiwa anayamba ku MGM, kampani yopanga mafilimu ya ku America, mu 1925, mafilimu asanayambe n'kutulutsa mawu komwe, ndipo anapata Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu, chifukwa cha filimu ya Mildred Pierce ya mu 1945. Zaka 45 ali pamaso pa kamera, filimu yotsekera n'kukhala imeneyi. Anamwalira mu 1977 ku New York.

Pali malo ena pamene akuchiphunzitsa chimunthucho kusewera ndi chidole komanso mpira. Pamenepo ndinabweza kawiri. Tsitsi lokonzedwa bwino, msana chilili, mawu ofatsa ngati mphunzitsi wa ku mkaka, maso ali pa chigoba cha labala ngati muli mwana wawo. Sakuseka, sakuzemba kamera, sakutipatsa chizindikiro choti "inenso ndikudziwa kuti izi n'zachibwana". Ena onse m'filimumo ukuchita kuona kuti akungodikira malipiro. Iwo akugwira ntchito.

Ndinakumbuka amayi anga. Anali telala wodziwika kwathu, madiresi a ukwati ndi zovala za pa Eid zinkadutsa pa makina awo a Singer, anthu kuchita kusungitsa malo mwezi wathunthu. Kaunjika atasefukira mumsika makasitomala anatha phiti. Kumapeto kwa moyo wawo ankangopinda mathalauza ndi kuika zigamba pa makabudula a asodzi onunkha usipa. Koma chigamba chilichonse ankachisoka mzere wowongoka, ulusi wofanana ndi nsalu, akamaliza n'kusita ndi simbi ya makala. Tsiku lina ndinawauza kuti asamadzivutitse ndi kabudula wong'ambika kale. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Wong'ambika ndi kabudula, osati manja anga."

Wofunika kuchita manyazi pa nkhani ya Trog si Joan Crawford. Ndi aja ankagawa ntchito ku Hollywood, omwe mkazi akangopitirira zaka 50 ankamuona ngati chitenje chosuluka. Taonani, chaka chomwecho cha 1970 John Wayne, katswiri wa mafilimu a makaubhoyi, analandira Oscar ali ndi zaka 62, akadali pa hatchi ngati ngwazi. Mwamuna akakalamba akuti wakhwima, mkazi akakalamba amupatsa nyani wa labala. Ndipo musaganize kuti mayiwa analibe pogwira, anali ndi mpando mu bodi ya Pepsi-Cola kuyambira 1959 amuna awo Alfred Steele atamwalira. Ine ndikuona kuti chinawatengera ku England ndi chimene chinkawadzutsa amayi anga mbandakucha kukapukuta makina.

Kumathero kwa filimuyo chimunthu chija chaphedwa, mtolankhani akuwatambasulira mayiwa maikolofoni kuti alankhulepo. Iwo akungoikankhira kumbali, n'kumapita okhaokha osanena kanthu. Ndinazimitsa foni n'kukhala kaye mumdima. M'mawa mphwanga anandifunsa ngati ndinaseka, ndinamuuza kuti akaonerenso, koma ulendo uno asayang'ane nyani.