Kuonera pa foni si kukwera

Dzulo ndinatuluka m'babashopu ku Matawale mtima ukuwira, ndipo mpaka pano sunazizire. Tinali pa benchi kudikira kuti magetsi ayake. Mnyamata wina anatulutsa foni n'kuyamba kuonetsa anzake mavidiyo a pa YouTube a ma roller coaster, tisitima tija tokwera posangalala m'mapaki a masewera, makamaka aja olendewera, amene kasitima kamayenda kunsi kwa njanji, anthu miyendo ili lendelende m'malere. Posakhalitsa wasanduka mphunzitsi wogawa mamakisi: uyu ndiye nambala wani, uyu ndi wa ana, awiri awa n'chimodzimodzi kungosiyana penti. Ndinamufunsa bwinobwino, "Mphwanga, mwa onsewa wakwerapo uti?" Yankho lake: "Madala, kukwera n'kosafunika, vidiyo imaonetsa zonse." Anzake n'kuseka, ngati wopusa ndine.

Vidiyo imaonetsa zonse? Zonse ziti?

Ine ndinakhala ku Joni zaka zingapo, ndipo Anaconda, roller coaster wolendewera wa ku paki ya Gold Reef City, ndinamukwera osati kamodzi. Pakiyo inamangidwa pa mgodi wakale wa golide, ndipo Anacondayo anatsegulidwa mu 1999. Ukakhala pa mpando amakutsitsira chotchinga cha m'mapewa, chimati khethe, ndipo kasitimako kakangonyamuka mapazi ako alibenso popondapo. Pokwera pamwamba umamva tcheni chikugogoda pamutu pako, osati pansi ayi, chifukwa mawilo ali kumwamba. Kenako kutsetsereka. Pa kuzondoka koyamba thupi limalemera ngati akusenzetsa thumba la chimanga pamiyendo, magazi amathawira kumapazi, zala za kumapazi zimachita dzanzi. Pali pena pamene umaona ngati nsanamira ikudula miyendo, umapinda mawondo wekha osafuna, ngakhale ukudziwa kuti amisiri anayeza. Tsopano undiuze, dzanzi limenelo limalowa bwanji mu foni ya mnyamata wa pa benchi? Mawondo ake anapindika liti?

Kamera sikhala ndi m'mimba, abale. Kamera ilibe khosi, ilibe makutu oti n'kumenyetseka. Amaimangirira kutsogolo, pamalo abwino kuposa onse, chithunzi chili phee ngati madzi a pa damu la Mulunguzi m'mawa. Wokwera weniweni nthawi zambiri amapezeka pakati kapena kumbuyo, ndipo pa olendewerawa ukakhala kumbuyo suona kanthu, umangoona msana wa mpando wa mnzako ndi nsapato zake. Sudziwa kuti njanji ikukhotera kuti, umangozindikira wakokedwa kale. Kutsogolo ndi ulendo wina, kumbuyo ndi ulendo winanso, pa kasitima komweko, tsiku lomwelo. Ndiye munthu amene sanakhalepo pa mpando uliwonse azindiuza kuti awiri awa n'chimodzimodzi?

Ndinakwerapo wina wolendewera ku paki ina, dzina ndisiye. Pa vidiyo amaoneka ngati mchimwene wake wa Anaconda: njanji pamwamba, miyendo m'malere, kuzondoka kangapo. Koma ndinatsika makutu ali psuu, mutu utamenyetseka uku ndi uku pa chotchinga chija ngati ndakwera lole yopanda masipuling'i pa msewu wafumbi nthawi ya dzinja. Mayi wina amene anakhala pambali panga ndolo yake inamucheka. Kaya ndi mawilo, kaya ndi mapindidwe a njanji, zimenezo adziwa okha amisiri. Chimene ndikudziwa ine n'choti Anacondayo ndinatsika ndikuseka n'kukaimanso pa mzere, uyu ndinatsika ndikufuna panado. Pa foni onsewo ndi okongola mofanana. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Mayina ndi zaka nanenso ndimatha kutchula. Wolendewera woyamba anali Batman: The Ride wa ku Six Flags Great America, 1992, wopangidwa ndi Bolliger & Mabillard a ku Switzerland. Nemesis wa ku Alton Towers ku England anabwera mu 1994, ndipo anachita kumukumbira dzenje m'thanthwe chifukwa samaloledwa kupitirira msinkhu wa mitengo ya pamalopo. Montu wa ku Busch Gardens ku Tampa, ku America, ndi wa 1996. Anaconda wathu wa ku Joni anapangidwa ndi Giovanola, nawonso a ku Switzerland. Zonsezi mwana aliyense wa bandulo ya intaneti akhoza kuloweza usiku umodzi. Koma simudzandimva ndikunena kuti Nemesis amaposa Montu, chifukwa matako anga sanakhalepo pa mipando imeneyo. Kuloweza si kukwera. Kuwerenga kutalika kwa njanji si kukwera. Kubwereza vidiyo kakhumi, mpaka batire kutha, si kukwera.

Tatiyeni tibwere kwathu kuno. Wina akuonetseni vidiyo ya munthu akutsika pa njinga yakapalasa kuchokera ku Ku Chawe mpaka m'tauni, atanyamula nkhuni zotalika kuposa iye mwini. Mudzaona mitengo ya paini, mudzaona makhotakhota, mudzati koma ndiye kukongola. Pitani mukamufunse mwini njingayo zimene manja ake amamva pa mabuleki pa khona iliyonse. Ndiye inu wa pa foni muyambe kumuuza kuti kutsika ku Ku Chawe n'chimodzimodzi ndi kutsetsereka kwa ku Chinamwali? Akhoza kukuponyerani chikuni.

Chimene chinandipweteka kwambiri si umbuli ayi, tonse tili ndi zimene sitinazione. Ndi kudzikhulupirira kuja, kuyankhula mokweza, kumaseka munthu amene anakhalapo pa chinthucho. Matenda amenewa afala. Munthu sanapondepo Mwanza boda koma akufotokozerani Johannesburg msewu ndi msewu. Sanagwirepo chiwongolero koma akudziwa galimoto yabwino kuposa dalaivala.

Ndipo mwina si kulakwa kwa anyamatawa okha. Mwana wa ku Zomba kuno akafuna kumva m'mimba mukuti myuu apita kuti? Ife tinakula ndi katungwe wa chingwe pa mtengo wa mango, lero mitengoyo inathera makala, mabwalo amene tinkasewerapo anamangapo mashopu. Loweruka lapitali ndinayenda ndi mdzukulu wanga tauni yonse kufuna katungwe mmodzi yekha wosathyoka, tinabwerako ndi chimanga chootcha basi.