Mwana akaweruka, musamulowetse m'kalasi ina

Mapulogalamu ambiri a ana a pulayimale akaweruka kusukulu amafa ndi matenda amodzi: masana amasanduka kalasi yachiwiri. Bolodi lomwelo, kukopera komweko, mwana atatopa kale. Pakatha milungu itatu ana ayamba kujomba, akuluakulu n'kumati ndi aulesi. Kwa ine cholakwika ndi ndondomeko.

Tinene kuti muli ndi maola awiri. Mphindi 15 zoyamba ana adye kenakake, amwe madzi, apite kuchimbudzi. Zikatero athamange mphindi 30 kapena 40, kaya ndi mpira kaya kulumpha chingwe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ana a zaka 5 mpaka 17 azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 60 patsiku, ndiye musaone ngati nthawi yatayika. Mwana amene wathamanga savuta kukhazika pansi. Amene wakhala pabenchi chim'mawire amayamba kutsina mnzake.

Zophunzira zibwere pambuyo, m'zidutswa za mphindi 15 kapena 20. Apa ndiye ambiri amaphonya, chifukwa amagawa ana potengera kalasi. Agaweni potengera zimene akutha. Muitaneni mwana payekha, mumupatse pepala lokhala ndi zilembo, mawu, ndime yaifupi ndi kankhani, muone pamene wakakamira. Wongodziwa zilembo akhale ndi anzake a zilembo ngakhale ali wamtali kuposa onse. Njirayi anaitchukitsa ndi a bungwe la Pratham ku India, ndipo nzeru yake ndi yosavuta: mwana wosatha kulumikiza "ba" ndi "la" sapindula kanthu mukamupatsa nkhani ya masamba awiri, amangoloweza zimene anzake akunena. Ayeseninso pakatha mwezi kapena milungu 6 kuti amene wapita patsogolo asamuke gulu. Mukapanda kutero, gulu lotsika limasanduka dzina lomunyozera mwana.

Wamkulu mmodzi asapitirire ana 12, ndipo kwa ang'onoang'ono 8 akwana. Pa homuweki lamulo ndi limodzi, pensulo isachoke m'dzanja la mwana. Wothandiza akangoitenga kuti "taona, timatere," kope limabwerera kusukulu lili bwinobwino, mphunzitsi n'kuganiza kuti phunziro lamveka, n'kupitirira.

Pakhalenso ntchito imodzi yotenga milungu ingapo. Njere ya nyemba m'botolo loonekera, pathonje lonyowa, ndi yokwanira: tsiku lililonse mwana ayeze ndi rula, alembe masentimita, ajambule muzu ndi tsamba loyamba. Kuwerengera, kulemba ndi sayansi zalowa pamodzi osadziwa. Chenjerani ndi madzi okha, thonje likamira njere imaola.

Za chitetezo sitinyengererana. Kaundula wa olowa ndi otuluka, mayina a ololedwa kudzatenga mwana aliyense, matenda amene mwana ali nawo alembedwe, ndipo wamkulu asatsekerane chitseko ndi mwana ali awiriwiri.

Inu makolo, masiku awiri kapena atatu pamlungu akwana. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12, ndipo ngati akufika kunyumba kutada, homuweki isanathe, chimene chimadulidwa ndi tulo. Mukamuona akusinza pachakudya chamadzulo kapena akulira pa zinthu zazing'ono, chotsani tsiku limodzi muone sabata yotsatirayo.