Kuwachotsa pa methadone ndi kuwaika pa imfa

Ndi zoona kuti ena olandira methadone, mankhwala akuchipatala othandiza anthu kusiya heroin, amagwiritsabe ntchito mankhwala osokoneza bongo, koma zoti angochotsedwa pa chithandizo ndikukana ndithu. Munthu akasiyitsidwa, thupi limaiwala mlingo womwe linazolowera, ndiye akabwerera ku heroin amafa mosavuta.

Tizifunsa kaye kuti munthuyo akupatsidwa methadone wochuluka bwanji. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza mamiligalamu 60 mpaka 120 patsiku. Mukamupatsa wochepa, chibaba chimamugwirabe usiku, ndiye athawira kuti? Komanso methadone sathetsa chibaba cha cocaine, chimenecho chimafuna uphungu wakewake. Chomwe chimandiopsa kwambiri ine ndi kuphatikiza methadone ndi mowa kapena mankhwala ogonetsa a diazepam, chifukwa kupuma kumachepa munthu ali mtulo. Azaumoyo azikhala nawo pansi n'kukambirana zimenezi momasuka, osati kungoyeza mkodzo kuti aone ngati agwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo n'kuwakalipira.