Namasupuni wa pa nyanja ya Victoria: ku Uganda amamupha, ku Kenya amaphikira

Uganda, Kenya ndi Tanzania amamwa nyanja imodzi, ndipo namasupuni atalowamo kudzera mu mtsinje wa Kagera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, onse atatu analira maliro amodzi. Mabwato ankakanirira pa dooko, maukonde kung'ambika, ndipo ku Jinja, ku Uganda, udzuwu unkatseka polowera madzi opangira magetsi.

Uganda inasankha nkhondo. Inabweretsa makina okokolola udzu ku Port Bell ndi ku Jinja, kenako n'kumwaza tizilombo tonga nankafumbwe totchedwa Neochetina. Takulutakulu timadya masamba, mphutsi zake zimaboola phesi mpaka chomera chimire. Tanzania nayonso inaweta tizilombo tomweti. Zinathandizadi, udzu unachepa kwambiri itadutsa 1998. Chondiwawa n'chakuti udzu womirawo umawolera pansi, kumaliza mpweya wa nsomba, ndipo wovuulidwa ndi makina umangounjikidwa kumtunda.

Kenya inayesanso zonsezi, koma ku Dunga, m'mbali mwa Kisumu, mu 2018 anayamba zina. Amavuula namasupuni, kumugaya, kumusakaniza ndi madzi n'kumuthira m'chithumba chachikulu chosalowa mphepo. Mkatimo tizilombo tosaoneka ndi maso timamuwoletsa, chithumba n'kufufuma ndi gasi amene amayenda m'paipi kukafika pa mbaula. Amayi okazinga nsomba, amene maso awo ankakhala ofiira ndi utsi wa nkhuni, amangotsegula n'kuyatsa moto wabuluu. Zotsalira zamadzimadzi zimapita kudimba ngati manyowa.

Ine ndili mbali ya Kenya, ngakhale njirayi ili ndi zolemetsa zake. Namasupuni ndi madzi okhaokha, oposa 90 pa 100 alionse, ndiye munthu amasenza katundu wambiri kuti apeze gasi wochepa. Akapanda kugayidwa bwino amayandama m'thumbamo n'kutseka njira, ndipo amafuna ndowe za ng'ombe kuti kuwola kuyambe msanga. Mphepo nayo ilibe pangano: lero dooko ladzaza, mawa udzu wonse wakankhidwira kutsidya. Komabe boma likasowa ndalama makina amaima, pamene mayi amene akudziwa kuti udzuwo ndi moto wake wa mawa salinda bajeti.

Gasi yekha sangathetse namasupuni. Udzuwu umanenepa ndi zonyansa za m'matauni ndi feteleza wokokoloka m'minda, ndipo pakakhala chonde umatha kuchulukana kawiri m'masabata awiri okha. Pa nkhani yoyeretsa madzi olowa m'nyanjayi, maiko onse atatu akadali ndi ngongole.