Pa zikho zisanu za Spurs, ine ndimagwadira cha 2014

Dzulo tinatsutsana mpaka mawu kusasa. Mnzanga akuti timu ya basketball ya ku America ya San Antonio Spurs tisamaiyike pamzere umodzi ndi Bulls kapena Lakers chifukwa sinatengepo chikho cha ligi ya NBA zaka ziwiri zotsatizana. Pamenepo sakunama. Zikho zake zinabwera modumphadumpha: 1999, 2003, 2005, 2007, kenako zii mpaka 2014. Koma abale, timu yolowa ma playoffs (ndime zolimbirana chikho kumapeto kwa sizoni) masizoni 22 osaphonyako, kuyambira 1998 mpaka 2019, mungaiderere chonchi?

Mwayi unalipo, sindikana. Sizoni ya 1996-97 katswiri wawo David Robinson anavulala, timu inapambana magemu 20 okha n'kugonja 62, ndipo tsoka limenelo ndi lomwe linawapatsa mpata wosankha Tim Duncan poyambirira pa draft ya 1997, pomwe matimu amasankha osewera atsopano motsatizana. Nanga Manu Ginobili amene anamutola pa nambala 57, ndi Tony Parker pa nambala 28, matimu ena onse akuwayang'ana n'kuwadutsa? Umenewonso ndi mwayi?

Zikho zinayi zoyambazo ndingodutsapo. Anagonjetsa Knicks, Nets, Pistons, kenako Cleveland Cavaliers ya LeBron James akadali mnyamata, imene anaisesa magemu 4-0. Mtima wanga uli pa 2013.

Amene timadzuka usiku, tambala asanalire, kuti tionere magemu amenewa tikukumbuka bwino gemu yachisanu ndi chimodzi ya fainolo ku Miami, kwawo kwa timu ya Heat imene LeBron ankasewerako nthawi imeneyo. Spurs ikutsogola ndi mapointi asanu, kwatsala masekondi 28. Ogwira ntchito m'bwalo anali atayamba kale kuzunguliza chingwe chachikasu pokonzekera kupereka chikho, ochemerera Heat ena atatuluka kale. Kochi wa Spurs Gregg Popovich anamukhazika Duncan pa benchi, Chris Bosh wa Heat n'kutola mpira wobwerera, kumupatsa mnzake Ray Allen pakona, basi ya mapointi atatu thi! Kwatsala masekondi 5.2, zigoli 95-95. Spurs inagonja mu nthawi yowonjezera, n'kukagonjanso gemu yachisanu ndi chiwiri 95-88, momwe Duncan anaphonya mpira wapafupi woti masiku ena akanaugoletsa atatsinzina. Ndikumuonabe akumenya pansi ndi dzanja. (Za kumukhazika Duncan pa benchi ine mpaka lero sindinamukhululukire mkuluyu, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.)

Timu ina zoterezi zikaigwera imabalalika, kochi amachotsedwa, osewera amayamba kulozana zala. Ndipo nkhalamba zinalipo, Duncan anali ndi zaka 37. Koma a Spurs sizoni yotsatira anabwerera anthu omwewo, kochi yemweyo. Anapambana magemu 62, popanda wosewera ndi mmodzi yemwe amene pa avereji anafika mphindi 30 pa gemu, chifukwa Popovich ankawapumitsa mosinthanasinthana. Dallas inawavutitsa mu ndime yoyamba mpaka gemu yachisanu ndi chiwiri, koma atakumananso ndi Heat ija mu fainolo, zinali zomvetsa chisoni. Mpira unkayenda m'manja mwa anthu anayi, asanu, usanaponyedwe, a Miami akungothamangira mphepo. Magemu awiri a ku Miami komweko Spurs inapambana ndi mapointi 19 ndi 21. Zinatha 4-1, ndipo wosewera bwino koposa mu fainoloyo sanali Duncan kapena Parker koma Kawhi Leonard, mnyamata wa zaka 22 wosakonda kuyankhula.

Ndiye mnzanga uja ndinamufunsa kuti chovuta kwambiri ndi chiti, kuteteza chikho uli ndi Michael Jordan wa Bulls kapena Shaquille O'Neal wa Lakers pa msinkhu wawo weniweni, kapena kuchiona chikukupulumuka m'manja kwatsala masekondi asanu, n'kudzachilanda chaka chotsatira kwa anthu omwewo? Iye anangoti Bulls ili ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinamukumbutsa kuti chichokereni Jordan mu 1998, Bulls sinapondeponso mu fainolo, ndipo patangotha mwezi umodzi chigonjereni kwa Spurs, LeBron ananyamula katundu kubwerera ku Cleveland.